Nyimbo ya Misomali

Pei-shan anatsika masitepe olowera mu situdiyo ya Chun-yao akukutumula ambulera, mtima uli m'malere. Loweruka linali litayandikira, tsiku limene bambo ake analola, atakana chaka chathunthu, kuti mnyamatayo akaimbe pabwalo la kachisi kwawo ku Luodong, pa chikondwerero cha mulungu wa oimba. "Abwere ndidzamumve," ndi mawu okhawo amene Bambo Yu ananena. Koma aliyense wowadziwa mkuluyu, amene anayamba kutsogolera gulu la ng'oma ndi malipenga la pakachisipo Pei-shan asanabadwe, ankadziwa tanthauzo lake. Khutu lawo likamukana munthu, pakhomo pawo sapondapo. Ukwati wonse unali pa Loweruka limenelo.

Chikondi cha awiriwa chinayamba ndi chipongwe. Pei-shan ankalemba za nyimbo m'magazini ina ya ku Taipei, ndipo cholembera chake chinalibe chisoni. Chimbale choyamba cha Chun-yao, chosakaniza lipenga lamakolo la suona ndi phokoso la makina, anachinena kuti chinali jekete yokongola yopachika pakhoma, mkati mulibe munthu. Mnyamatayo anamusakasaka kuti akamukalipire. Atamupeza, ukali wonse unathera m'kapu ya tiyi, ndipo tiyiyo analipira yekha.

"Wachedwa, mayi woweruza," anatero Chun-yao atamuona akulowa mu situdiyomo, akumukokera mpando. "Khala apa. Ayi, apa, pakati pa masipika. Tsinzina."

"Ndikatsinzina undibera chikwama."

"M'chikwama mwako muli chiyani, kupatula mawu olasira anthu? Tsinzina iwe."

Nyimbo inayamba ndi mvula yogwa pamalata, ija ya ku Luodong yosadziwa kuleka. Kenaka pansi pake panabwera kulira kwa besi, kotsika kwambiri moti sikunkamveka m'makutu koma m'chifuwa. Ng'oma ya makina inagunda kamodzi, n'kudikira, n'kugundanso. Ndiye lipenga linalowa. Silinakuwe monga lichitira pa zionetsero za mumsewu. Linayambira chapansipansi, likukwawa, likukwera pang'onopang'ono mpaka mawu ake anang'ambika pamwamba, ndipo Chun-yao sanafufute kupuma kwake, mpweya unkamveka akamaukoka. Pei-shan wolemba uja anamva n'kuvomera. Apa makina sanali kuliveka lipenga zovala, anali atalibereka kumsana. Mnyamata wake anali asanapangepo chinthu chokoma chotere.

Koma Pei-shan mwana wa Bambo Yu anamva china. Lipenga litatembenuka kachiwiri, thupi lake lonse linachita tsembwe. Anaidziwa nyimboyo. Siiimbidwa paukwati, siiimbidwa pachikondwerero, ndipo kwawo ngakhale ophunzira saiyeserera m'nyumba. Imaimbidwa nthawi imodzi yokha, pokhoma misomali pa bokosi la maliro.

"Wati bwanji?" anafunsa Chun-yao, maso akuwala ngati mwana wakhoza mayeso. "Ndaitcha dzina lako. Pei-shan. Ndi imeneyi ndikaimbe Loweruka pamaso pa bambo ako."

Pei-shan anatola chikwama n'kukwera masitepe chothamanga, ambulera kuisiya pomwepo.

* * *

Chun-yao anamupeza pakhonde la masitolo, pakati pa njinga zamoto zoimikidwa mothithikana, mvula ikudontha m'mphepete.

"Shan! Kodi ndi yoipa choncho?"

"Waitenga kuti?"

"Ukandinyoza umandinyoza ndili pomwepo. Kuthawa wayamba liti?"

"Ndati nyimbo imeneyi waitenga kuti!"

"Kwa achimwene ako a Kuo-liang. Anabwera mwezi watha, tinamwa mowa, n'kundiphunzitsa kayendetsedwe ka zala mpaka ndinaigwira. Munthu wabwino uja, iwe umangomuda. Anati ndi nyimbo imene bambo ako anaimbira amayi ako."

Kuo-liang sanali mchimwene wake weniweni. Anali wophunzira wamkulu wa Bambo Yu, wokulira m'nyumba ya gululo, ndipo Luodong yense ankadziwa kuti kwa aphunzitsi ake ankayembekezera zinthu ziwiri, ndodo za ng'oma ndi mwana wamkazi.

"Sananame," anatero Pei-shan. "Anawaimbiradi. Tsiku limene tinkawakhomera m'bokosi."

Chun-yao anangoti kukamwa yasa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mnyamatayu, amene lipenga analiphunzira m'kalasi ndi pa matepi akale, osati pamapazi a mphunzitsi, phulalo analidya ndi manja awiri. Koma munthu akachita manyazi sachedwa kupsa mtima.

"Chabwino, anandipusitsa," anatero potsiriza. "Koma nyimbo ndi nyimbo, Shan. Imfa inaigula liti? Si iwe wemwe unalemba kuti mwambo wotsekeredwa m'kabati umachita nkhungu?"

"Ndinalemba nditakhala pampando, khofi ali m'manja. Tsiku lija ndinali chogwada. Kwathu kulibe mwana wamwamuna, ndiye msomali womaliza uja, umene amangougogoda pang'ono kuti mwana auzule ndi mano, ndinauzula ndine. Mpaka lero ndikamva nyimbo imeneyi m'kamwa mwanga mumamveka chitsulo. Ndiye iwe waikapo dzina langa!"

"Sindinadziwe."

"Ababa sadzafunsa ngati unadziwa."

Chun-yao anapukuta mvula kumaso. "Okonza chikondwerero china cha nyimbo ku Ulaya andiitana mwezi wamawa chifukwa cha nyimbo yomweyi. Aimva kamodzi kokha n'kutumiza matikiti a ndege."

"Kaimbire azunguwo. Koma osati pabwalo la ababa."

"Nanga ndikaimbe chiyani? Zija unati mulibe munthu?"

Mnyamatayo anamuyang'ana kanthawi, kenaka anatembenuka n'kubwerera kunsi kwake osatsanzika.

* * *

Basi ya ku Luodong ili m'kati mwa msewu wautali uja wapansi pa mapiri, foni ya Pei-shan inanjenjemera. Unali uthenga wa Chun-yao.

"Ndaichotsa. Ndikaimba ya zionetsero."

Pei-shan analemba kuti zikomo, n'kufufuta. Analemba kuti pepa, n'kufufutanso. Asanatumize kanthu uthenga wina unalowa.

"Usandiimbire lero."

Foniyo anaiika m'chikwama, anaitulutsa, anaibwezanso. Mayi amene anakhala naye pampando anachita kumufunsa ngati m'chikwamamo munali nyerere.

M'nyumba ya gulu, kuseri kwa kachisi, Pei-shan anapeza Kuo-liang akupukuta zinganga zamkuwa, milomo ili psuu ndi mtedza wofiiritsa m'kamwa umene amuna a kumeneko amatafuna.

"Taonani, mlembi wa ku Taipei! Wabwera wekha? Wamawaya uja wamusiya kuti?"

"Achimwene, mulibe manyazi?"

"Ndikuuze kangati kuti usamanditche achimwene? Sitinayamwe bere limodzi."

"Munamuphunzitsa nyimbo ya misomali."

"Anandipempha nyimbo yokhudza mtima. Kodi siikhudza?" Kuo-liang analavulira m'kachikho n'kupitiriza kupukuta. Kenaka nkhope inasintha, kuseka konse kunatha. "Ine ng'oma za bambo ako ndayamba kuzinyamula ndili ndi mamina, Pei-shan. Padzuwa, pamvula, pamaliro, pamaukwati a anthu ena. Iye angobwera ndi kachikwama ka mawaya n'kutenga zonse? Munthu wosasiyanitsa nyimbo ya maliro ndi ya chikondi akwatire m'nyumba muno?"

"Ine sindine ng'oma yoti mupatsidwe chifukwa mwainyamula. Ndikawauza ababa zimene mwachita."

"Kawauze. Ukayambe ndi dzina la nyimboyo. Ndili nayo pafoni pano, ananditumizira yekha, ndi mawu othokoza pamwamba."

Pamenepo Pei-shan anagwira njakata. Kuulula chiwembu kunali kuululanso nyimbo. Asanapeze mawu ena, chitseko chinalira ndipo Bambo Yu analowa, manja kumbuyo, masilipasi akukhwekhwereza.

"Wabwera osanena, mwanawe. Wadya?"

"Ndadya, Ababa."

"Bodza. Nkhope imeneyo sinadye." Mkuluyo anayang'ana zinganga, analoza pamene Kuo-liang sanapukute bwino, kenaka anayankhula akuyang'ana kukhoma, ngati nkhaniyo si yawo. "Mnyamata wakoyo amadya nkhanu?"

"Nkhanu?"

"Umuuze sabata ino asakhudze. Mulungu wathu ali wakhanda analeredwa ndi nkhanu, woimba pamaso pake sadya. A ku Taipei sadziwa zimenezi. Asadzachite manyazi pa zinthu zazing'ono."

Pei-shan anamva misozi ikubwera. Munthu amene chaka chonse ankakana ngakhale kutchula dzina la Chun-yao, lero ankamutchingira kuti asapunthwe. Khomo linali litayamba kutseguka, ndipo kumbuyo kwa bambo ake Kuo-liang ankasisita thumba limene munali foni.

* * *

Loweruka mvula inachita ulemu. Pabwalo la kachisi panadzaza, utsi wa lubani ndi wa makombola uli tolotolo, matebulo atasenza nkhuku, zipatso ndi makeke ofiira a mpunga. Azimayi achikulire anakhala kutsogolo ndi zidzukulu, akunong'onezana za mlendo wovala zakuda amene ankamangirira mawaya pansanja.

Chun-yao anali atafika m'mawa. Anapereka moni kwa Bambo Yu mowerama bwino, koma kwa Pei-shan anangogwedeza mutu. Maso ake anali ofiira.

Gulu la pakachisi litamaliza, nthawi yake inakwana. Anaimba ya zionetsero, ija aliyense amaidziwa, makina akutsatira kumbuyo mwaulemu ngati mkamwini wamantha. Sanalakwitse paliponse. Achinyamata anavina pang'ono, agogo anaomba m'manja, ndipo Pei-shan anamva chisoni chachikulu, chifukwa ankadziwa kuti amene wamudula mapiko ndi iye mwini.

Bambo Yu anali pampando wawo wansungwi, akusisita chibwano.

"Zala zili bwino," anatero. "Mpweya ulipo. Koma waimba ngati munthu wovala nsapato zobwereka. Ndi zomwezi zimene mwana wanga amathawira ku Taipei?"

Anthu anaseka. Sikunali kukana, ndipo aliyense anamva kuti sikunali kukana. Mkuluyo anali atatambasula kale dzanja kuti amuthirire mlendo tiyi, pamene Kuo-liang anadzuka pafupi ndi zokuzira mawu za pakachisi, foni ili m'manja.

"Aphunzitsi, mlendo wathu ndi wamanyazi. Yabwino waibisa. Anaipekera mwana wanu, mpaka kuitcha dzina lake. Taimvani."

"Achimwene, ayi!"

Pei-shan anachedwa. Mvula ya pamalata inayamba kugwa m'masipika, besi inagwedeza matebulo, ndipo lipenga linakwawa kutuluka. Litatembenuka kachiwiri, pabwalo panasokonekera. Mayi wina anatseka makutu a mdzukulu wake n'kumutembenuzira kumbali. Ena analavula pansi kuchotsa tsoka. "Pa tsiku la mulungu!" anakuwa mkulu wina. "Nyimbo ya maliro pa tsiku la mulungu! Zimitsani!"

Bambo Yu anakweza dzanja. Palibe anayerekeza kukhudza waya.

Anaimvera yonse, kuyambira pamenepo mpaka mpweya womaliza, maso ali pansi, tiyi akusefukira m'kapu osaona. Itatha, Chun-yao anatsika pansanja, nkhope itayera.

"Bambo, ndikupepesa. Sindinadziwe kuti..."

"Sindinakufunse." Mkuluyo anatembenukira kwa mwana wawo. "Pei-shan. Ntchito yako ndi kuuza anthu ngati nyimbo ili yabwino kapena yoipa. Ndimawerenga zimene umalemba, ngakhale sindikuuza. Nena pano, pamaso pa mulungu ndi anthu awa. Nyimbo imeneyi ndi yotani?"

Maso onse anagwera pa iye. Akanati ndi yoipa, azimayi aja akanakhala pansi, mlandu ukanachepa, koma likanakhala bodza, ndipo Chun-yao akanalimva. Akanati ndi yabwino, akanakhala ngati wavina pamanda a amayi ake.

"Ndi yabwino, Ababa," anatero. "Ikundiwawa, sindifuna kuimvanso, koma ndi yabwino. Chiyambire kulemba sindinamve wina wa msinkhu wathu akuliza lipenga motere. Makinawo sanaiphe. Aichititsa kuti ilire ngati mmene inalirira tsiku lija."

Pabwalo panamveka kung'ung'udza. Bambo Yu anaika tipoti pansi pang'onopang'ono.

"Wanena zoona," anatero. "Ndi yabwino. Ndi chifukwa chake ndi yoopsa. Iwe mnyamata, waimba theka. Nyimbo imeneyi ili ndi inzake, yoimba misomali ikatha, yobweza amoyo kunyumba kuti asatsatire wakufa. Iwe watsegula njira, waikapo dzina la mwana wanga, n'kumusiya pomwepo. Uyenera kuitseka."

"Ndiphunzitseni, Bambo. Ndiiphunzira lero lomwe."

"Lero? Ukuyesa ndi chakudya cha pamsika? Imeneyo siphunzitsidwa kwa mlendo. Ugwada pamaso pa mulungu, ulandira lubani, ukhala wophunzira wa nyumba ino monga tinachitira tonse. Zaka zitatu ndi miyezi inayi. Udzasesa, udzanyamula ng'oma, mawaya ako udzawatsekera m'bokosi, ndipo sudzaimba kwina kulikonse. Wophunzira sayang'ana mwana wa mphunzitsi mpaka atamaliza. Ukamaliza, udzamutenge."

Kuo-liang anali atayamba kumwetulira, koma mkuluyo anamuloza osamuyang'ana.

"Zala zimene ndamva m'nyimbomu ndi za m'nyumba mwanga. Wayamba kumuphunzitsa ndiwe, umalizanso ndiwe. Tsiku lililonse, mpaka aimbe kukuposa."

Kumwetulira kuja kunauma. Mkulu wina anayatsa timitengo titatu ta lubani n'kuwapatsa Bambo Yu, iwo n'kutambasula dzanja kwa mlendo.

Pei-shan anayang'ana Chun-yao, akudziwa kuti akana. Ndege ya ku Ulaya inali mwezi wamawa. Munthu amene wangopeza kumene mawu ake sangawakwirire zaka zonsezo pansi pa phazi la mdani wake. Koma Chun-yao sanayang'ane ngakhale makina ake. Anapukuta manja pa thalauza, anagwada pa simenti yonyowa, n'kutambasula manja onse awiri.

Apo m'pamene mantha enieni anamugwira Pei-shan. Anaona mnyamata wake akusesa bwalo, Kuo-liang akumutukwana m'mawa ndi madzulo, zala zake zikuwongoledwa mpaka kuimba ngati wina aliyense wa m'gululo. Akanapeza mwamuna, inde, koma woimba amene wangomuyamika pamaso pa anthu akanafera m'nyumba ya bambo ake, ndipo womupha akanakhala iye. Asanaganize kawiri analumpha n'kutsomphola lubaniyo m'manja mwa bambo ake. Moto unamutentha pachikhatho, koma sanataye.

"Dzuka, Chun-yao! Dzuka!"

Azimayi anafuula. Bambo Yu anayang'ana dzanja lawo lopanda kanthu, kenaka mwana wawo.

"Ine ndamutsegulira khomo," anatero motsitsa. "Walitseka ndiwe."

Koma Pei-shan sankawamva. Ankayang'ana Chun-yao, amene anali chigwadire, manja akadali m'mwamba, akumuyang'ana ngati sakumudziwa.

"Shan," anatero, bwalo lonse likumva, "ine ndasiya zonse. Kodi ndiwe amene sukufuna kuti ndikukwatire?"